Njinga ya Mapoto pa Chitunda cha Kanyenze

Dzuwa linali litafiira kale kumtunda kwa Zambezi pamene Whiteson ananyamuka kwa apongozi ake ku Mphuka, ndipo ananyamuka yekha monga momwe anabwerera. Tsiku lonse anakhala pansi pa mtengo wa masau, chipewa chili pabondo, kudikira kuti mkazi wake Eneless atuluke m'nyumba. Anatuluka madzulo. Sanayang'ane mwamuna wake, anayang'ana njinga imene inatsamira pankhokwe.

"Mwabwela kunitenga?" anatero Eneless. "Manje nizankala pati? Yendani na mukazi wanu uyo mwamusiya pankhokwe."

Anabwerera m'nyumba, ndipo palibe amene anauza mkamwini kuti kwada, agone. Whiteson anavala chipewa, napinda mwendo wa buluku, nakwera. Kwawo ku Mburuma kunali kutali, ndipo chaka chimenecho cha 1988 munthu wanzeru sankayenda usiku. Zigawenga za ku Mozambique, zija anthu ankazitcha Amatsanga, zinkaoloka Luangwa mumdima kudzalanda mbuzi, mchere, ndi anthu omwe. Nyale ya panjinga siinkayatsidwa. Ngakhale belu ankalimanga ndi kansalu kuti lisalire m'mabampu.

Gwero la zonsezi linali njingayo. Whiteson anali mphunzitsi pa kasukulu ka m'mudzi, ndipo popita ku Lusaka mkazi wake anamutuma njinga yakuda yachitsulo, ya keliyala, yoti izinyamula thumba la mapira, nkhuni, ndi iye yemwe popita kuchipatala. Bambo anabwerako ndi kanthu kotuwa, konyezimira, ka matayala owonda ngati chala. Inali ya aluminiyamu, yotsika mtengo kuposa zonse m'sitolomo poti palibe ankaifuna. Magiya inalibe, madigadi inalibe, keliyala inalibe, ngakhale poimangira keliyalayo panalibe. Anthu a m'mudzi ataigogoda ndi chala n'kumva kulira kwake, anaipatsa dzina tsiku lomwelo: njinga ya mapoto.

Tinene zoona, ubwino inali nawo, ndipo Whiteson ankaudziwa pamtima ngati katekisimu. Unkainyamula ndi dzanja limodzi. Dzimbiri silinkaigwira. Pamsewu wouma inkathamanga moti agalu ankangotsala akuuwa fumbi. Kuipa kwake ankakudziwanso, kungoti sankakunena pagulu. Minga inkaboola chubu kawiri pasabata, mumchenga inkatitimira, chishalo chake chinkapweteka munthu kumene sitingatchule, ndipo katundu aliyense inkamumva. Ukakoleka kathumba ka mchere pahandulo, njinga inkadziwa, ndipo miyendo nayo inkadziwa.

Pamphambano yolowera kumudzi kwawo panali kachisakasa ka Tenson, mkulu wokonza njinga amene kwa zaka zambiri palibe anamuonapo atakwera njinga. Tsiku loyamba anaitembenuza uku ndi uku, naika maginito pafelemu, maginito n'kugwa pansi.

"Ba Ticha, iyi ikatyoka kulibe angaiwotchelele mu boma yonse ya Feira," anatero Tenson. "Chikomekome cha nkhuyu. Iyi ni njinga ya munthu alibe wake."

Mawuwo anapherezera pa chitunda cha Kanyenze. Miyezi itatu m'mbuyomo Whiteson ankachokera kuchipatala ndi Eneless, amene anali ndi pakati, atamukhazika pamtanda wa njinga poti kwina kunalibe. Atafika patsinde pa chitunda anamuuza kuti atsike. Izo si zachilendo, njinga yopanda magiya sikwera chitunda ndi anthu awiri. Chachilendo n'chakuti m'malo moikankha n'kuyenda ndi mkazi wake, bambo anakweranso, napalasa mpaka pamwamba, ati aone mmene ikwerera. Anadikira kumeneko akumwetulira, pamene mkazi ankakwera yekha padzuwa, dzanja lili m'chiuno. Eneless atafika pamwamba anangomudutsa. M'mawa mwake anakwera lole ya nsomba kupita kwa amake.

Chichokereni iye, nyumba inakula. Whiteson ankadya ataimirira, ankagona nsapato zili kuphazi, ndipo usiku ankalowetsa njinga kuchipinda. Nthawi zina ankadzimva akuilankhula. Tsopano mwana anali pafupi kubadwa, ndipo zinkaoneka kuti adzabadwira kwa eni, atate ake n'kudzamva ndi amalole. Zimenezi n'zimene zinkamuwawa koposa pamene ankapalasa mumdimamo.

Kamwezi kanatuluka kochepa, kongokwana kuonetsa kuyera kwa msewu. Anadutsa mudzi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Moto panalibe, ng'oma panalibe, chifukwa anthu ankagona kuthengo poopa Amatsanga, ndipo agalu anapita nawo. Nyumba zinangoti ndwii, zitseko zili yasa. Chimene chinkamveka ndi tcheni chokha, ndi mchenga ukulira pansi pa matayala. Whiteson analakalaka munthu woti amupatse moni, ngakhale woledzera, ngakhale msilikali womufunsa chitupa. Panalibe.

Usiku utakula anafika pa nyumba yakale ya okonza msewu. Inalibe denga chiyambire nkhondo ya Rhodesia, zaka khumi m'mbuyomo, pamene msewu umenewu unakwiriridwa mabomba. Kupitirira nyumbayo panali kamlatho, ndipo kuseri kwa kamlathoko chitunda cha Kanyenze chinkayamba.

Pakamlathopo panaima munthu.

Whiteson anagwira mabuleki. Anaganiza za Amatsanga. Koma sanali wa mfuti, anali mayi. Wamfupi, wa duku yachikasu, atafumbata kamtolo pachifuwa. Anangoima, akuyang'ana kuchitunda, ngati munthu amene wadikira nthawi yaitali moti kudikirako kwasiya kumuwawa.

"Amai, usiku uno? Muyenda kuti?"

"Pamwamba chabe," anayankha mayiyo, osatembenuka. "Masau ya bana yazauma."

Munthu wina akanapalasa n'kuthawa. Koma Whiteson anali atatha tsiku lonse popanda womulankhula mokoma, ndipo mawu a munthu anamugwa mumtima ngati madzi. Anapepesa kuti njinga yake ilibe keliyala, pali mtanda wokha. Asanamalize, mayi uja anali atakhala kale pamtandapo, chammbali, pakati pa mikono yake. Sanamuone akukwera.

"Musaniseluse pakati," anatero mayiyo. "Bonse bamaniselusa."

Whiteson analonjeza kuti samutsitsa, ngakhale ankadziwa kuti ndi bodza. Ankangoganiza kuti akafika pokwera kwambiri adzapepesa, n'kuikankha onse awiri. Anaponda pedulo, njinga n'kunyamuka.

Inanyamuka mopepuka. Mopepuka kwambiri...

Njinga imene inkamva kathumba ka mchere siinkamumva mayiyo. Tayala lakutsogolo silinaphwe ngakhale pang'ono. Handulo inkatembenuka ngati ali yekha. Whiteson anayang'ana duku ija, ili pafupi ndi chibwano chake. Mphepo inkamuomba iye kumaso, koma nsonga za duku sizinkagwedezeka. Ananunkhiza. Panalibe fungo la thukuta, kapena la utsi, kapena la sopo. Masau okha, ndi fungo lina ngati la dothi lopsa. Mikono yake, pamene inkakhudza mapewa a mayiyo, inayamba kuzizira.

Anagwiritsitsa handulo.

Chitunda chinayamba. Anapalasa. Mitengo ya mupani inkadutsa pang'onopang'ono. Anadutsa mwala waukulu wa kumanzere. Anafika pakati, pamene msewu umakhota, pomwe pali chigamba cha dothi losiyana ndi linzake...

Pamenepo kulemera kunabwera!

Kunabwera konse nthawi imodzi, ngati munthu wagwetsera matumba atatu a mapira pamtanda. Felemu inalira. Masipoko analira. Tayala linaphwa mpaka limu kugunda miyala. Njinga inaima pafupifupi, n'kuyamba kupendama. Whiteson anatsitsa phazi kuti aponde pansi.

"Musaniseluse!"

Mawuwo sanachokere pamtanda pokha. Anachokera pansi, mumsewu, m'mitengo, paliponse. Ndipo sanali oopseza. Anali a munthu amene akupempha, amene wapempha kambirimbiri. Phazi la Whiteson linalendewera m'mwamba. M'maso mwake munabwera Eneless, akukwera chitunda chomwechi padzuwa, dzanja lili m'chiuno, osatembenukira kwa aliyense poti panalibe womutembenukira.

Anabwezera phazi papedulo.

Anaimirira. Anaponda ndi thupi lonse. Pedulo inatsika pang'ono... inatsikanso. Tcheni chinalira ngati chiduka. Giya ina yothawirako panalibe, inali yomweyo imodzi, ndi miyendo yake. Kumanja. Kumanzere. Mpweya unatha. M'kamwa munamveka magazi. Kumanja. Thukuta linalowa m'maso. Kumanzere. Mtanda unkapindika pansi pa chifuwa chake, akuumva. Anayamba kulira mokweza, munthu wamkulu, mphunzitsi, ndipo sanasiye kuponda. Sankadziwa ngati akulirira mantha, kapena mayiyo, kapena mkazi wake.

Kenaka msewu unagona.

Njinga inathamanga yokha, yopepuka ngati kale. Pamwamba pa Kanyenze mphepo inkaomba, ndipo kutali kumunsi madzi a Luangwa ankanyezimira. Whiteson anamva munthu akuusa moyo, kuusa kwautali kwa munthu amene watula mtolo.

"Kansi ni pafupi so," anatero mawu aja.

Anayang'ana pakati pa mikono yake. Panalibe munthu!

Mmene anatsikira chitundacho sakumbukira. Anadzazindikira ali pansi pa kachisakasa ka pamphambano, kunja kukuyera, Tenson atamuweramira ndi chikho cha madzi. Maso a mkuluyo anali panjinga. Anayendetsa chala pamtanda, pamene panali patapindika ngati pakhalidwa ndi munthu wolemera, ndipo pakati pa mabuleki ndi handulo anatolapo sau limodzi louma, lakuda, lokwinyika.

Whiteson anafotokoza zonse. Atatchula duku yachikasu, Tenson anakhala pansi padothi.

"Ni Emelina," anatero. "Mukazi wanga."

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Munali mu 1978, nyengo ya masau. Ankachokera kumtsinje, iye akupalasa, Emelina ali pakeliyala ndi masau a ana. Atafika pakati pa Kanyenze miyendo inalema, ndipo Tenson anamuuza mkazi wake kuti atsike, walemera, atsogole wapansi. Ananena moseka. Emelina anatsika akuseka nayenso, nayenda mapazi khumi, naponda pamene panakwiriridwa bomba. Chiyambire tsiku limenelo Tenson sanakwerenso njinga. Oyenda usiku angapo anabwera kudzamuuza za mayi wa pakamlatho, ndipo onse, ndi njinga zawo zachitsulo za keliyala, ankafika pokhota paja n'kuzitaya pansi, n'kuthawa.

"Imwe munamuselusa pati?" anafunsa, osadzutsa mutu.

"Sininamuseluse."

Tenson anadzutsa mutu.

"Anafika pamwamba?"

"Anafika. Anakamba ati kansi ni pafupi."

Mkulu uja anaphimba nkhope ndi manja ake akuda ndi girizi, nalira ngati maliro achitika dzulo. Whiteson anakhala naye pambali, amuna awiri opanda akazi, mpaka dzuwa linatuluka.

Atatha kulira Tenson analowa m'kachisakasa, natuluka ndi keliyala yakale yadzimbiri, imene inapachikidwa kudenga zaka khumi. Poimangira panalibe, choncho anaimanga ndi mawaya ndi malegeni odula ku chubu chakale, akukoka ndi mano, mpaka inagwira. Njinga ya mapoto inaoneka yonyansa kuposa kale, ndipo inalemera. Anaitembenuza yekha, naiyang'anitsa kumene inachokera, ku Mphuka.

"Mutanda wapindika koma siunatyoke. Ninainamizila, ni njinga," anatero Tenson, akumupatsa handulo. "Yendani mukamutenge, Ba Ticha. Akakana, mukagone pankhokwe mpaka avomele. Ndipo mukafika pa Kanyenze, olo miyendo ityoke, musamuseluse."