Kamtolo ka Masamba pa Mwala wa Damu

Kamtoloko kanali pa mwala wa pamlatho, pomwe madzi a m'damu amatsikira kudambo. Anali masamba a tiyi, awiriawiri ndi kansonga kake, monga amatcholera anthu odziwa ntchito, atamangidwa ndi kaudzu.

A Simeoni sanali munthu woyendayenda m'mawa. Zaka makumi atatu anali kapitawo wa otchola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, ngakhale iwo, munthu wa mpingo wa Sabata, tiyiyo sanamulawepo. Akazi awo a Marita atamwalira m'chaka cha 2002, anangodzikhomera pampando mpaka miyendo inatupa. Mwana wawo Violet, namwino wa pachipatala cha mishoni, anawayeza kuthamanga kwa magazi nagwira pakamwa.

"Ababa, mukapanda kumayenda, chaka chino simuchimaliza. Kanjira kozungulira damu kaja kalibe chitunda. Kamodzi kokha m'mawa uliwonse."

"Kuzungulira n'kudzafika pomwe ndachokera? Ndiye ndapita kuti?"

Anapita Lachiwiri, akuti tsiku limodzi lokha, kuti mwanayo asiye kulongolola. Ndiye tsiku lomwe anaona kamtoloko. Kale asanakwatirane, a Marita ankawasiyira kamtolo kotere pa mwala womwewu, kutanthauza kuti akumane akaweruka. A Simeoni sanauzepo munthu aliyense za chimenechi.

Lachitatu anadzuka okha kusanawale bwino. Kunali chiperoni, nkhungu itagona pamadzi moti tsidya silinkaoneka. Achule ankalira m'bango, ndipo akayandikira ankangoti zii onse pamodzi, n'kutsala madontho ogwa kuchokera m'mabulugamu. Pamwala panalibe kanthu. Anapuma mpweya, napitirira. Kamtolo kanali patsogolo, pa chitsa cha pakati pa njira.

Lachinayi kanasunthanso, kufika pa mpanda wa pampu. A Simeoni anaimirira, namva m'mizere ya tiyi kumtunda kaphokoso kamene khutu lawo silikanakasokoneza ndi kena: tche, tche, tche, zala zikudula nsonga. Belu la ntchito linali lisanalire.

Pobwerera anakumana ndi a Dixon, mlonda wa pampuyo, atafunda thumba la feteleza.

"Akapitawo, mwayamba kuyenda nokha kuno?" ananong'oneza. "Akuti m'nkhungumu mukumadutsa mzimayi. Nkhope palibe waiona."

"Inu mwamuona?"

"Ine ntchito yanga ndi kulondera pampu. Za azimayi sanandilembere."

Lachisanu kamtolo kanali kumapeto kwa njira, pomwe kanjira kamapatukira kunyumba kwawo. Apa mpamene a Simeoni anazindikira kuti chinthucho sichinkazungulira damu chabe. Chinkabwera.

Loweruka anati miyendo nayonso isunge Sabata. Sanapite kudamu, ngakhale kutchalitchi. Anakhala m'nyumba chitseko chili chotseka, akumvetsera mvula yowaza padenga. Dzuwa litakwera anatsegula pang'ono. Kamtolo kanali pakhonde, konyowa ndi mame. Atakanyamula anamva kafungo ka fodya wa m'mphuno.

Violet anawapeza masana atagona, mutu ukugunda, timitolo tonse tomwe anatola masiku amenewo titayalidwa patebulo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka misozi, kenaka anagwada pafupi ndi bedi.

"Pepani ababa, ndine. Amayi anandiuza za timitoloti ali m'chipatala. Ndimalawirira ndisanapite kuntchito, n'kumaika kamtolo patsogolo pang'onopang'ono kuti muzimaliza njira yonse. Mankhwala mumakana, ndikanatani?"

A Simeoni anakhala tsonga, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana pankhope.

"Iwe mwana! Sukulu yonse ija n'kumaopseza bambo ako ngati mfiti? Ndiye ka lero aka, mpaka pakhomo? Ndi fodya yemwe?"

Violet anasiya kuseka.

"Ka lero?"

"Aka."

"Ababa, lero ndi Sabata. Ine ndingatchole tiyi pa Sabata? Kuyambira dzulo dzuwa litalowa sindinakhudze tsamba."

Anakatenga, nakanunkhiza, nakabwezera patebulo msangamsanga. Kenaka anapukuta zala pa chitenje.

Onse awiri ankadziwa kuti m'banja lonselo munthu mmodzi yekha, a Marita, ndiye anakana kulowa mpingo wa Sabata mpaka imfa. Ankapemphera Lamulungu, kabotolo ka fodya kali m'mpango, ndipo Loweruka lililonse ankanyamula dengu n'kupita kukatchola, amuna awo akung'ung'udza pakhomo.

M'mawa mwake a Dixon anaona a Simeoni akutsika m'nkhungu ndi ndodo yawo, atavala jekete la kutchalitchi.

"Akapitawo, simunamve zomwe ndinakuuzani?"

"Ndinamva."

"Nanga mukupitiranji?"

A Simeoni anayang'ana kumene njira inkalowera m'bango, achule atangokhala chete.

"Ndikapanda kupita ine, amabwera okha."

Kuyambira tsiku limenelo sanajombepo, ngakhale pa Sabata. Miyendo inaphwa, ndipo Violet akuti magazi akuyenda bwino. Koma iye kudamuko sanapondekonso, ndipo safunsa zomwe bambo ake amabwera nazo m'thumba la jekete.