Kangolo ka Eskil Kasowa

Tuva ankafuna kuona sitima ya alendo. Sitimayo inkafika Lachiwiri padoko la tauni yawo, ku Norway.

Koma tsikulo Tuva anali ndi ntchito. Ankalondera mlongo wake Eskil.

Eskil anali khanda. Masana ankagona panja, m'kangolo kake. Makanda onse a m'tauniyo amagona panja. Amangowafunditsa bwino, basi.

Amayi ankagulitsa mabanzi m'sitolo. Kangolo kanali pakhomo.

"Usachoke," anatero Amayi. "Akadzuka undiitane."

Sitima inalira. Puuu!

Eskil anali mtulo. Tuva anathamangira pakona. Anaona sitima. Anaona alendo akutsika. Anachedwa.

Atabwerera, kangolo panalibe.

Anayang'ana uku. Panalibe. Anayang'ana uko. Panalibe. Kenako anayang'ana pansi. Pa chipale chofewa panali mizere iwiri ya matayala.

Tuva anatsatira mizereyo. Anapeza a Oddvar, msodzi, akusoka ukonde.

"A Oddvar, mwamuona Eskil?"

"Wayamba kale kuyenda yekha?"

"Musaseke. Kangolo kasowa."

"Kalowa m'nyumba yodikirira sitima. Akukankha ndi mayi wa chipewa chachikasu."

Tuva analowa. M'nyumbamo munali motentha. Eskil ankalira. Mayi wa chipewa chachikasu anali atamufunditsanso jasi lake. Mayiyo anali mlendo wa m'sitima.

"Uyu ndi mlongo wanga," anatero Tuva.

"Ndamupeza yekha pozizira," anatero mlendoyo. "Ndimafuna amayi ake."

"Amayi ali m'sitolo. Eskil amagona panja."

"Panja? Kuzizira konseku?"

"Muno ndiye akutenthedwa. Taonani thukuta."

Tuva anachotsa jasi lija. Anakankhira kangolo panja. Mphepo inamuomba Eskil kumaso. Eskil anatonthola.

Mlendoyo ankabwera pambuyo. Panjira anaona kangolo kena pakhomo. Anaonanso kena pawindo. Monsemo munali makanda, ali mtulo. Mlendoyo anagwira pakamwa.

Amayi anali pamsewu, manja ali ufa wokhawokha. Anayamba asuzumira m'kangolo. Anakhudza khosi la Eskil. Ndiye mtima wawo unakhala pansi.

"Ndinachoka, Amayi," anatero Tuva.

"Pepani, mayi," anatero mlendoyo. "Kwathu mwana sagona pozizira."

"Kuno amagona," anatero Amayi. "Khalani pa benchipo. Mwaiwala kuvala jasi."

Amayi anabweretsa mabanzi awiri otentha. Lina la mlendo, lina la Tuva.

"Unachoka, inde," anatero Amayi. "Koma wamupeza wekha."

"Mawa ndimulonderenso?"

"Udzamulondera. Dzanja lako likhale pa kangolo, osasiya."

Tuva sanadikire mawa. Anagwira kangolo pomwepo. Banzi lake anadya ndi dzanja limodzi.