Changu Atsuka Injini

Amalume anapotokolanso kiyi. Galimoto inangoti kuru-kuru-kuru ngati nkhalamba yotsamwa, kenako zii.

"Achimwene, chonde," anatero amayi ake a Changu ali pampando wakumbuyo. Dzanja lina anagwira chitseko, lina pamimba, thukuta lili kamukamu. "Mwanayu sadikira."

"Limbani mtima, achemwali, ilira pompano," anayankha amalume.

Changu anali chilili pageti atakumbatira chikwama cha zovala za khanda. Anali mtsikana wa Fomu 2, ndipo dzinali anamupatsa chifukwa chakuti chilichonse ankachita mothamanga: kudya, kuyankhula, ngakhale kupemphera kumene. Koma masana amenewa miyendo yake inali ngati yakhomeredwa pansi. Pa anthu onse amene anali pabwalopo, iye yekha ndiye ankadziwa chimene chinachitikira galimotoyo.

Bambo ake ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ndipo anali atanyamuka sabata yathayo. Asanapite anadzaza mafuta m'galimoto yawo yakaleyo n'kupachika kiyi kuseri kwa chitseko. "Imeneyi ndi ya tsiku la amayi ako," anatero. "Woigwira ndi amalume ako okha."

M'mawa wa tsikuli amayi podutsa pafupi ndi galimotoyo anatseka mphuno n'kuthamangira kuseri kukasanza. Panali fungo la chinthu chowola. Changu anasuzumira pansi pa mipando, osapeza kanthu. Atatsegula boneti anapeza khoswe wakufa atapanikizika pafupi ndi batire, pambali pa chisa cha nsanza ndi mapepala. Anamuchotsa ndi kamtengo, koma fungo silinachoke. Injini yonse inali bii ndi oilo wosakanikirana ndi fumbi, masamba ouma ndi ndowe za makoswe.

"Amayi angakwere bwanji m'fungo lotere?" anadzifunsa.

Anali ataonapo anyamata otsuka magalimoto akupopera madzi m'injini, ndiye sanaone chovuta. Amayi atakagona, anatenga sopo waufa, burashi yochapira ndi mswachi wakale wolowetsa m'malo othina. Anakwecha mpaka zala kuwawa. Kenako anakoka paipi, n'kutseka kukamwa kwake ndi chala kuti madzi atuluke mwamphamvu, n'kupopera paliponse: m'mawaya, m'mabowo, m'ngodya zonse. Thovu lakuda linayenderera mpaka kugeti. Dzuwa litaumitsa pamwamba, injini inawala ngati mbale yatsopano. Changu anatseka boneti osauza munthu, akumwetulira yekha poganiza mmene bambo ake adzamuyamikire.

Tsopano amalume anatsika n'kutsegula boneti lomwelo. Anali mphunzitsi, ndipo za injini ankangodziwa kuti ili kutsogolo.

"Taonani mmene alamu amasamalira galimoto," anatero akugwedeza mawaya a batire. "Injini yoyera chonchi ingavute chiyani? Ndi batire basi. Anyamata, tabwerani mukankhe!"

Anyamata a nyumba zoyandikana anakankha galimoto kutuluka pageti n'kutsetsereka nayo mumsewu wa fumbi. Inadzuma, inanjanja, koma sinalire. Anakankhanso mpaka inakaima kumunsi, kutsogolo kwa saluni. Changu ankathamanga pambuyo ndi chikwama chija.

Amalume anaimbira woyendetsa takisi wina, koma anali kutali ndi anthu ena. Anaimbira kuchipatala, anawauza kuti ambulansi yatuluka. Mnyamata wa njinga yamoto anaima n'kudzipereka, koma atasuzumira m'galimoto anapukusa mutu yekha. Amayi sakanatha kukhala panjinga.

Mayi wa saluni anasiya munthu ali ndi tsitsi loluka mbali imodzi n'kulowa kumbuyo kwa galimoto. Posakhalitsa anatulutsa mutu pawindo n'kukodola amalume. Anayankhula motsitsa mawu, koma Changu anamva.

"Akutaya magazi, bambo. Izi si zodikira ayi."

Changu anafuna kuulula, koma anaopa. Ankaona nkhope ya bambo ake. Ankamva kale mmene msewu wonse udzanenera: ndi uja anapha mayi ake ndi paipi. "Mwina si madzi," anadzinamiza. "Mwina ndi batiredi. Mwina ilira yokha."

Wina anali atathamangira makaniko wa kuseri kwa msewu, bambo wa imvi amene aliyense ankangomutcha a Sipanala. Anafika akupuma wefuwefu, bokosi la zida lili m'manja. Anauza amalume kuti apotokole kiyi, iwo n'kutchera khutu.

"Batire lili bwino, sitata ikuzungulira," anatero. "Inalira liti komaliza?"

"Dzulo, ndinailiza ndekha."

A Sipanala anapitiriza chala pamwamba pa injini n'kuchiyang'ana. "Yatsukidwa liti imeneyi?"

"Ndi alamu amenewo, asananyamuke. Sabata yatha. Chichokereni palibe watsegula boneti."

"Ngati ndi sabata yatha, ndiye si madzi," anatero a Sipanala akukanda m'mutu. "Iyenera kukhala pampu ya mafuta, ndipo m'galimoto izi imakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Mayiwa atsike ndichotse mpando."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa amalume.

"Sindikunamizani, bwana. Zitenga nthawi."

Mayi wa saluni ndi amayi ena awiri anayamba kunyamula wodwalayo. Amayi anabuula mawu amene Changu anali asanawamvepo chibadwire. Milomo yawo inali itayera. Miyendo itafika pachitseko, anatsegula maso n'kuona mwana wawo ataima, misozi ili mbwembwembwe.

"Usaope, mwanangu," anatero monong'ona. "Si mlandu wa munthu uwu."

Mawu amenewo ndiwo anamuthyola Changu. Chikwama chinagwa m'fumbi.

"Musawatsitse!" anakuwa Changu. "Ndi madzi! Ndatsuka ndine, lero lomwe lino, ndi paipi!"

Amalume anatembenuka, maso ali psuu.

"Iwe! Nthawi yonseyi tikukankha ngati zitsiru, uli chete? Amayi ako ali chonchi?"

Anadza kwa iye dzanja lili m'mwamba, koma a Sipanala analowa pakati.

"Mkwiyo pambuyo, bwana, suliza galimoto. Mayiwa abwezereni pampando. Mwanawe, bwera kuno. Paipiyo unaloza pati?"

Changu analoza ndi chala. "Apa. Ndi apa. Ndi m'mabowo umu, chifukwa munali zinyalala zambiri."

A Sipanala anazula nthambo zakuda zimene zinalowa pamwamba pa injini, imodzi ndi imodzi. Pansi pa iliyonse panali bowo lakuya, ndipo bowo lililonse linali lodzaza madzi ngati kachitsime.

"Waona? M'menemu mumakhala mapulagi, ndiwo amayatsa moto wa injini. Moto ndi madzi zinayamba zagwirizana liti?" Anakulunga kansanza pa sikuludiraiva n'kuyamba kumwetsa madziwo, kufinya, kulowetsanso. "Nsanza yokha siumitsa. Ndikufuna mphepo yotentha."

"Makina oumitsira tsitsi angathandize?" anafunsa mayi wa saluni ali m'galimoto.

"Bweretsani msanga!"

Mtsikana wa mu saluni anatulutsira makinawo pawindo, atalumikiza nthambo yamagetsi yaitali. A Sipanala anawaika m'manja mwa Changu.

"Unanyowetsa ndiwe, umitsa ndiwe. Loza m'bowo, usasunthe mpaka nditakuuza."

Changu anagwira makinawo ndi manja onse awiri. Mphepo yotentha inkamuwotcha zala, koma sanasiye. Kumbuyo ankamva amayi akubuula, mayi wa saluni akuwalimbikitsa, amayi ena akupemphera mokweza. Bowo lina likauma ankapita pa lina, pamene a Sipanala ankapukuta nthambo zija n'kumazipemerera. Misozi yake inkagwera pa injini, iye n'kumaipukuta msangamsanga ndi mkono, kuopa kuwonjezera madzi.

A Sipanala anabwezeretsa nthambo zonse. "Yesani!"

Kuru-kuru-kuru. Zii.

"Ambuye, chonde," anatero Changu. "Ndilangeni ine, osati amayi."

"Yesaninso, mupondeko pang'ono!"

Kuru-kuru, phu! Phu-phu! Galimoto inatsokomola, inanjenjemera thupi lonse, kenako inabangula, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo. Anthu anakuwa. A Sipanala anamenyetsa boneti.

"Musaizimitse panjira, zivute zitani! Pitani!"

Changu anatola chikwama n'kudumphira kutsogolo. Njira yonse amalume sanamuyankhule. Ankangoliza hutala, maso ali pamsewu.

Kuchipatala anamwino anathamangira mkati ndi amayi pakabedi kamatayala, zitseko n'kutsekeka. Changu anakhala pabenchi ya m'khonde, manja ali bii ndi oilo, akununkha sopo. Chitseko chikangotseguka ankadzambatuka, koma wotuluka ankadutsa osamuyang'ana. Mayi wa saluni anamugulira madzi akumwa, iye osawakhudza.

Dzuwa litapendeka, namwino wamkulu anatuluka akuvula magolovesi.

"Mwana wamkazi," anatero. "Wabadwa wotopa kwambiri, ndiye tamuika m'chipinda cha ana ofunika chisamaliro, akhala momwemo masiku angapo. Mayi ake tawawonjezera magazi. Achira."

Amalume anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. Changu anatsatira namwino uja.

"Anesi, tikanafika msanga, mwanayo akanatopa chonchi?"

Namwino anamuyang'ana kuyambira kumanja akudawo mpaka kumaso. Sanamunamize. "Pa zotere, nthawi iliyonse yotayika imawerengedwa, mwanangu. Koma mwafika. Kasambe m'manja, kenako ukamuonere pawindo mng'ono wako."

Changu anamuona kudzera pagalasi: kanthu kakang'ono, kachubu kali m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika movutikira. Anaima pamenepo mpaka foni ya amalume inalira m'khonde.

"Ndi bambo ako," anatero amalume. Mkwiyo unali utawathera, nkhope ili yotopa. Anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo n'kumumvera chisoni. "Ndingowauza kuti linali batire. Ya paipiyo ithere pompano."

Changu anapukusa mutu n'kutambasula dzanja.

"Ababa, ndine. Amayi ali moyo, mwana ndi wamkazi. Koma tinachedwa kufika, ndipo anachedwetsa ndine." Anafotokoza zonse: khoswe, sopo, paipi, ndi mmene anakhalira chete anthu akukankha galimoto. Mbali yomalizayi ndiyo inamuvuta kwambiri kutchula.

Kumbali inayo kunangomveka phokoso la malole odutsa. Changu anadikira.

"Ndamva," anatero bambo ake pomaliza, mawu ali olemera. "Kutsukako sindikukuimba nako mlandu waukulu. Kukhala chete kuja ndiko tidzakambirane ndikabwera." Anapuma kaye. "Ndipo tidzatsegula boneti limodzi. Iwe udzandionetsa pamene unathira madzi, ine ndidzakuonetsa pamene madzi safika. Tsopano pita ukakhale pafupi ndi amayi ako. Akadzuka asapeze ali okha."

Changu anabweza foni, anapukuta m'maso, n'kukagogoda pachitseko cha wodi.