Kachete ndi Mawailesi a Abambo

Kachete ankapukuta makapu.
Ankapukuta pang'onopang'ono.
Kapu imodzi. Kenako ina.

Kunyumba ankamutchula Kachete chifukwa sankayankhulayankhula. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumva Amayi akamuitana.

Abambo ake ankakonza mawailesi. Pabalaza panali shelefu yaitali. Pa shelefupo panali mawailesi a anthu. Ena akuluakulu. Ena ang'onoang'ono. Ena otsekula kumsana, mawaya ali panja ngati matumbo.

Abambo akakonza wailesi, sankaizimitsa.

"Ilire tsiku lonse," ankatero. "Ikapanda kufanso, ndiye kuti yachira."

Choncho m'nyumbamo munali anthu ambiri. Anthu opanda nkhope. Wina ankaseka. Wina ankaimba. Wina ankangopuma, shiii, shiii.

Onsewa ankalowa m'makutu mwa Kachete. Ankalowa opanda odi.

Firiji nayo inkabuula. Mpopi unkadontha, tho, tho, tho. Ntchentche inkamenya galasi la zenera.

Kachete anakweza maso. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini. Pakamwa pawo pankatseguka. Pankatsekeka. Koma mawu awo sankafika. Ankamira m'phokoso.

Amayi anabwera pafupi.

"Ndakuitana kangati, iwe? Makutu akowo ndi okongoletsera mutu?"

Kachete anayang'ana pansi. Anapukutanso kapu youma kale.

Masana kunabwera Azakhali. Anabwera ndi chikwama chakuda. M'chikwamamo munalibe kanthu.

"Mwana uyu si gonthi," anatero Azakhali. "Ndi mwano chabe. Mundipatse ine. Kwathu akaphunzira kumva."

Abambo anali ndi kawaya pakamwa. Anakalavulira m'dzanja.

"Mwina n'zoona, achemwali. Ife zatikanika."

Amayi anatenga chikwama chija. Analowa nacho kuchipinda.

Kachete sankafuna kupita. Anafuna kunena. Koma munthu wa mu wailesi anaseka. Wina anaimba. Mawu a Kachete anathawa.

Kunja kunada. Mitambo inaphimba dzuwa. Mphepo inagwedeza malata.

Mwadzidzidzi magetsi anazima.

Woseka uja anasiya kuseka. Woimba uja anasiya kuimba. Firiji inasiya kubuula.

M'nyumba monse munangoti zii.

"Ndikaone ngati kwazima konse," anatero Abambo. Anatuluka panja. Azakhali anawatsatira.

Kachete anatsala yekha pabalaza.

Mawailesi anali ndondondo pa shelefu. Anali chete. Anali ngati akumuyang'ana.

Kenako Kachete anamva mawu.

Anali mawu amodzi okha. Mawu aang'ono. Mawu a mzimayi. Mzimayiyo ankalira pansipansi.

Thupi la Kachete linachita tsemwe.

Magetsi kulibe. Nanga ndi wailesi iti ikuyankhula?

Kachete anayandikira shelefu. Anaika khutu pa wailesi yaikulu. Inali chete.

Anaika khutu pa wailesi yaing'ono. Nayonso inali chete.

Anaika khutu pa ya matumbo panja ija. Chete.

Mawu aja anamvekanso.

"Kachete," anatero mawuwo. "Kachete wanga."

Mtima wa Kachete unagunda, gu, gu, gu. Anafuna kuthawa. Koma mawuwo sankaopseza. Ankamveka achisoni.

Sankachokera pa shelefu.

Kachete anawatsatira. Anayenda monyang'ama. Anadutsa pa khitchini. Anafika pa chitseko cha kuchipinda. Chitsekocho chinali chotseguka pang'ono.

Kachete anasuzumira.

Amayi anali atakhala pabedi. Chikwama chakuda chinali chitayasama pambali pawo. Amayi ankapinda diresi la Kachete. Ankayankhula okha.

"Kachete wanga. Azikupesa tsitsi ndani kumeneko?"

"Inu, Amayi," anayankha Kachete.

Amayi anadzidzimuka. Diresi linagwa pansi.

"Mayo! Wandimva? Ine ndimangonong'ona!"

"Ndakumvani. Ndinali pabalaza."

"Pabalaza? Iwe amene sundimva ndili pamphuno pako?"

Abambo ndi Azakhali analowa. Anaima pakhomo la chipinda.

Nthawi yomweyo magetsi anayaka.

Anthu opanda nkhope aja anadzuka onse pamodzi. Woseka anaseka. Woimba anaimba. Firiji inabuula.

Kachete anagwira makutu. Anaona pakamwa pa Amayi pakutseguka. Anaona pakamwa pa Azakhali pakutseguka. Mawu awo ankamiranso.

Azakhali anatambasula dzanja. Anagwira chikwama chakuda.

"Zimitsani!" anakuwa Kachete.

Onse anangoti kukamwa yasa. Kachete anali asanakuwepo chibadwire.

Abambo anathamangira pabalaza. Anazula chingwe kukhoma. Mawailesi onse anakhala chete.

Abambo anabwerera. Anagwada pafupi ndi Kachete.

"Ndazimitsa, mwanawe. Nena."

Kachete anachotsa manja m'makutu. Kenako ananena.

"Sindine gonthi. Sindichita mwano. Ndimamva zonse. Ndimamva wailesi iyi ndi iyo. Ndimamva mpopi. Ndimamva ntchentche. Zonse zimabwera pamodzi. Sindidziwa kuti Amayi ali pati."

Abambo anakanda mutu.

"Inetu mawailesiwa sindiwamvanso. Ndinawazolowera. Ndimayesa tonse tili choncho."

Azakhali anawomba m'manja.

"Ha! Achimwene, mumakonza makutu a mawailesi. A mwana wanu osawaona!"

Amayi anaseka, misozi ili m'masaya. Anatulutsa zovala zonse m'chikwama. Anamukumbatira Kachete.

"Odwala angawa, mawailesiwa, ndiwasamutsa," anatero Abambo. "Azikalirira m'kanyumba ka kuseri."

"Lero lomwe," anatero Amayi.

"Nanga ine ndibwerere ndi chikwama chopanda kanthu?" anafunsa Azakhali.

Abambo anayankha. Amayi anayankha. Azakhali anayankhanso. Onse atatu ankayankhula nthawi imodzi.

Kachete anakweza dzanja. Onse anasiya.

"Ine sindipita kulikonse," anatero. "Ndipo muziyankhula mmodzimmodzi. Ayambe Amayi."