Zimene Alamu Sanamasulire

Dzanja la mkulu wake linali litatupa ngati buledi, ndipo Wailesi ankadziwa chimene chinalitupitsa. Anaima pafupi ndi chitseko cha chipinda cha sikelo atakumbatira chikwama cha mkulu wakeyo, yunifolomu ili m'thupi. Tsikulo anali atajomba kusukulu. Dzina la Wailesi anam'patsa ndi aphunzitsi chifukwa pakamwa pake panalibe chotsekera, koma m'mawa umenewo alamu ake anamulola kubwera nawo pokhapokha atalonjeza kuti akhala duu ngati mpando.

Atatuwa anachokera dziko lina zaka ziwiri zapitazo. Wailesi anatola chinenero cha dziko lachilendoli kusukulu, alamu ake anachitola kugalaja kumene ankawotcherera zitsulo. Koma mkulu wake, amene sankaloledwa kupita patali ndi nyumba, ankadziwa moni ndi zikomo basi. Pachipatalapo panali lamulo lakuti mayi woyembekezera azibwera ndi mwamuna wake, ndipo mayiyo akakhala mlendo, mwamunayo ndiye ankamasulira. Anamwino ankaona kuti n'zachidule. Alamu nawo ankazikonda kwabasi.

"Afunseni mayiwa, dzanjali latani?" anatero anamwino, maso ali pabuku.

Alamu anatembenukira kwa mkazi wawo n'kulankhula m'chinenero chakwawo, akumwetulira ngati munthu wopemphera. "Akufunsa za dzanjalo. Usandichititse manyazi pano."

"Dzanja si kanthu," ananong'ona mkulu wake wa Wailesi. "Koma mwana sakugunda chiyambire dzulo, muja munandikankhira pachitseko. Auzeni zimenezo, chonde."

"Akuti anaterereka posamba," alamu anauza anamwino. "Koma akupezako bwino. Mungotipatsa mankhwala opha ululu, tizipita. Ine ndasiya ntchito."

Anamwino analemba, bodza lonse n'kulowa m'buku bwinobwino.

Wailesi anachita mantha. Alamu anali atawauza kambirimbiri kuti mlendo akadandaula kuchipatala amamuitanira apolisi, n'kumukweza lole mpaka kumalire. Mapepala awo onse olowera m'dzikomo alamuwo ankawakhomera m'bokosi la zipangizo. Koma anamwino anali akutseka buku, ndipo palibe amene anali atagwira mimba ija.

"Sananene zimenezo," anatero Wailesi m'chinenero cha anamwinowo.

Alamu anatembenukira kwa Wailesi.

"Iwe kamwana," alamu anatero m'chinenero chakwawo, kumwetulira kuja kukadali pankhope, "ukufuna tonse tikagone kumalire? Ukudya kwa ndani iwe?"

"Ndikudya kwa inu, alamu, koma pakamwapa mpanga." Kenako anayang'ana anamwino. "Achemwali anga akuti mwana sakugunda chiyambire dzulo. Sanaterereke ayi. Anakankhidwa ndi awa."

Anamwino anaika cholembera pansi. Anayang'ana mwamunayo, anayang'ana dzanja lotupa lija, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana nkhope ya wodwala wawo.

"Bambo, tadikirani panja."

"Mwanayu ndi wamwano, amangobwebweta!" alamu anakweza mawu. "Lamulo lanu lomwe likuti ndikhale muno. Mkaziyu ndi wanga."

"Wodwalayu ndi wanga," anatero anamwino, akutsegula chitseko. Anakodola mlonda, chimunthu chachitali chomwe sichinkataya nthawi ndi mikangano. Alamu anatuluka akulozaloza chala, nsapato zawo zantchito zikugunda pansi.

Chitseko chitangotsekedwa, mkulu wake anamugwira Wailesi pamkono. "Watiphetsa! Za m'nyumba sitiulula kwa eni dziko. Tilowera kuti ife?"

Mawu amenewo anamupweteka Wailesi kuposa ukali wa alamu. Misozi inalengeza, koma anaimeza. Popeza madzi anali atatayika kale, anaganiza zofunsa zonse.

"Amayi, mundiuze zoona. Mutiitanira apolisi kuti atithamangitse m'dziko muno? Mapepala athu tilibe pano."

"Kodi pachipata paja munaona palembedwa kuti malire?" anatero anamwino. "Pano ndi pachipatala. Mimba sitiifunsa chiphaso. Auze achemwali ako agone apa, msanga."

Wailesi anamasulira liwu ndi liwu, osawonjezera mchere. Mkulu wake anakwera pabedi mokayikira. Anamwino anapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kamakina komvetsera mtima wa mwana. Kanangolira phokoso lopanda pake. Anakasuntha cha kumanzere, osamva kanthu. Anakasunthanso cha m'munsi, ndipo kunamveka kugunda, kwapansipansi koma kofulumira.

Mkulu wake anaphimba nkhope ndi dzanja labwino lija n'kulira.

"Ali moyo, koma watopa," anatero anamwino. "Adokotala amuone lero lomwe. Mukanapita ndi mankhwala a ululu aja, sindikudziwa kuti mawa tikanakamba zotani."

Kenako anatsegula buku lija n'kubwerera masamba am'mbuyo. Ulendo woyamba: anagwa pamasitepe. Ulendo wachiwiri: anawombana ndi kabati. Zonsezo zinali m'malemba awo omwe, ndipo manyazi anawagwira.

"Katatu konse ndakhala ndikulemba za mwamuna m'buku la mkazi," anatero. "Uwauze kuti ndapepesa. Uwauzenso kuti kuseri kuno kuli mayi wothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo kuli nyumba yomwe angakhale ndi iwe yemwe, mwamunayo osadziwa kumene muli. Za mapepala aliko owathandiza. Koma sindiwakakamiza. Asankhe okha."

Wailesi asanamalize kumasulira, chitseko chinagogodwa mwamphamvu. Mawu a alamu analowa m'chinenero chakwawo, tsopano ofewa ngati thonje.

"Mayi a mwana, tiye kunyumba. Banja ndi kupirira. Usamvere kamwanako, sikadziwa kanthu."

Mkulu wake anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anayang'ana chitseko nthawi yaitali, ndipo Wailesi anaona ngati basi, zatha, akutenga chikwama. Iye mbali yake anali atachita, ndipo sakanatha kumulankhulira munthu wamkulu mpaka kalekale.

"Ndapirira ine," mkulu wake anayankha mokweza, mawu amene Wailesi anali asanawamvepo chichokere kwawo. "Mwana ali m'mimbayu sanalonjeze kupirira."

Kunja kunamveka mlonda akuuza munthu kuti asunthe pakhomo. Mkulu wake anapinda mkono wa bulauzi mpaka paphewa, n'kuonetsa mabala akale amene ngakhale Wailesi sankawadziwa. Anamukoka mng'ono wakeyo kuti akhale naye pabedipo.

"Uwauze atenge pepala latsopano," anatero. "Ndiyambira mwezi womwe tinafika. Ine ndizinena, iwe uzimasulira. Usadumphe ngakhale liwu limodzi."