Mayankho Akwiya ndi Mawu Akuti "Miss"

Mayankho amakhala ku Kawale.
Amakonda mpira wa manja.
Ankalakalaka atagoletsa chigoli, ngakhale chimodzi chokha.

Lachisanu timu yake inasewera ndi ana a ku Biwi.
Mayankho anaponya mpira.
Mpira unapita pambali.
Anaponyanso.
Unapitanso pambali.

"Miss! Miss!" ana a ku Biwi anakuwa akuseka.
Timu ya Mayankho inagonja.

Mayankho anakwiya.
Anakwiya njira yonse.
Atafika kunyumba, anamenyetsa chitseko.

Amayi ankasoka diresi pamakina.
"Adadi ako atumiza uthenga," anatero Amayi.
Adadi amagwira ntchito ku Joni.
Patha zaka ziwiri osabwera.

Mayankho anatenga foni.
Uthengawo unali wa Chingerezi.
Unati, "I miss you, Mayankho."

Mayankho anatupa masaya.
"Nawonso Adadi akundiseka," anatero. "Wawauza ndani kuti ndaphonya?"
Anakakhala kuseri kwa nyumba.
Amayi atamupatsa tiyi, anamukana.

Amayi anasiya kusoka.
Anakakhala naye pansi.
Anatsegula dikishonale ya pafoni.

"Taona, mwanangu. Mawu amenewa ndi akalekale. Poyamba ankatanthauza kuphonya."
"Ndikudziwa," anatero Mayankho.
"Basi ikakusiya, amatinso miss."
Amayi anapitiriza.
"Ukamusowa munthu, amatinso miss. Mnzake wa mawuwa ndi long for, kulakalaka."

Mayankho anakweza mutu.
"Ndiye Adadi akuti andisowa?"
"Eya, akusowa."

Koma mkwiyo sunathe.
Unangokula.
"Ngati andisowa, bwanji sabwera?"
"Afunse wekha," anatero Amayi.

Amayi anaimba foni.
Nkhope ya Adadi inaoneka.
"Adadi, ndakwiya nanu," anatero Mayankho. "Anzanga amakatengedwa ndi adadi awo kusukulu. Ine ayi."


Adadi anapukuta m'maso ndi dzanja.
"Ukunena zoona, mwanangu. Pepa."
Kenako anapisa m'thumba la shati.
Anatulutsa kapepala.
"Werenga apa."

Mayankho anayandikiza foni.
Anawerenga pang'onopang'ono.
Inali tikiti ya basi.
Panalembedwa kuti Lilongwe, 20 Disembala.

Mayankho anafuna kukwiyabe.
Koma kukamwa kunamukanika.
Anamwetulira.

"Basiyo isakusiyeni, Adadi."
"Siindisiya. Ndikakhala woyamba kukwera."

Amayi anaseka.
Mayankho anatsamira paphewa la Amayi.
"Amayi," ananong'ona, "tiyi uja alipobe?"