Mapeyala Opanda Njere

Dzuwa linali litapendeka pamene Isaura ankathirira mbande za mapeyala kuseri kwa nyumba yawo, m'mudzi wina kufupi ndi Itepela, ku Mozambique. Mwamuna wake, Mateyu, anali m'munda waukulu, akuchirikiza nthambi ndi mitengo ya mphanda kuti zisathyoke ndi kulemera kwa zipatso.

Mateyu anabwera ali wamng'ono kuchokera ku Malawi, kumene makolo ake anathawira, nkhondo itangotha, ndipo akuluakulu a m'mudzi analozera banja lake malo otsetsereka a m'mbali mwa mtsinje. Atakula analima fodya, koma fodyayo anangomusiyira chifuwa ndi manja akuda. Ndiye anazula zonse n'kubzala mapeyala omezanitsa. Anakumba maenje ofika m'chiuno, kuthiramo manyowa a mbuzi, kuphimbira matsinde ndi udzu, mpaka kuthothola maluwa oyamba monga anamulangizira tekiniko wa zaulimi. Anthu ankamuseka kuti akulima mthunzi. Chaka chimenechi mitengo inabereka mpaka kuwerama, ndipo kusekako kunatha.

Isaura atatula ndowa anamva kaphokoso kochokera m'mitengomo: khwa, khwa, ngati munthu akuswa mtedza ndi mano. Mphepo kunalibe. Pabwalo panafika fungo la dothi lonyowa, lokumbidwa kumene, chonsecho mvula inali italeka kalekale.

"Bambo a Yankho, mwamva?"

"Ndi mileme imeneyo," anayankha Mateyu ali m'munda momwemo. "Malizani kuthirira."

Kutacha kunabwera Aziza, mayi wamalonda wa ku Cuamba, ndi galimoto yodzaza madengu opanda kanthu. Anazungulira munda akugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anathyola peyala limodzi lalikulu, lopanda bala ngakhale pang'ono, n'kulidula ndi mpeni wake. Pakati panali dzenje lokhalokha. Njere munalibe. Munangotuluka timadzi takuda tonunkha ngati m'manda.

Anadula lachiwiri. Chimodzimodzi.

"Dulani lina, mayi," anatero Mateyu.

"Ndadula okwanira, bambo. Nthenda ya mitengo ndimaidziwa. Izi n'za kwanu kuno."

Aziza anatsuka mpeni wake ndi mchenga, akunong'ona pemphero, n'kubwerera ndi madengu ake momwe anadzera.

Sabata isanathe, a Samsoni anadzuka m'mawa n'kupeza kamtengo ka peyala katamera pakhomo pawo penipeni, pa dothi louma losesedwa dzulo lake, kofika kale m'mawondo. A Samsoni anali mmodzi wa akuluakulu aja amene analozera bambo ake a Mateyu malire a malo. Anakazula akuseka, koma muzu unatuluka ukudontha zofiira. Masana anayamba kudandaula m'mimba, ndipo tsiku lotsatira kunamveka mfuu ya maliro. Amene anasambitsa thupi ananong'oneza anzawo kuti pansi pa nthiti anakhudza chinthu cholimba, chobulungira, chokwana m'dzanja.

Kamtengo kachiwiri kanamera pakhomo pa a Gabrieli, mkulu winanso wa malire omwewo. Iwo sanakakhudze. Anakatchingira ndi minga, n'kuitanitsa anzawo a ku tchalitchi kuti adzapemphere. Masamba anapitirira kutambasuka, a Gabrieli n'kumafota, mpaka nawonso anatsikira kuli chete.

Mphekesera sizinachedwe. Ankati Mateyu anakhwimira mitengo yake ku Malawi, ndipo kubereka konseko n'chifukwa choti amaidyetsa anthu. Isaura akafika pachitsime amayi ankatola ndowa zawo n'kuchoka. Kutchalitchi benchi imene ankakhalapo inkatsala ya iwo okha. M'mawa uliwonse anthu ankatsegula zitseko pang'onopang'ono, n'kuyamba ayang'ana pansi asanaponde.

"Ndikanakhala mfiti ndikanaononga zipatso zanga zomwe?" Mateyu ankafunsa aliyense wokumana naye.

Tsiku lina analawirira, mapeyala ali m'thumba, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Mandimba. Anadikira pa ofesi ya zaulimi mpaka dzuwa kufika pamutu. Tekiniko atabwera anatenga peyala limodzi n'kulidula. Njere inalimo, yathunthu, yonyezimira. Anadula lina, inalimonso.

"Zipatso zabwino chonchi, mukudandaula chiyani, bambo?"

"Kumunda kuja zikumakhala zopanda njere. Anthu akufa."

Tekiniko anaseka, n'kumulangiza kuti asamachedwe kukolola. Mateyu anaimbira foni Aziza kuti amuuze, koma foniyo inangolira mpaka kuduka. Anakulunga chibenthu cha peyala chokhala ndi njere mu pepala la pulasitiki, n'kuthamangira kukadikira shapa yobwerera, kuti anthu akaone okha.

Masana omwewo Isaura anapita kwa a Elizabeti, azakhali ake a Mateyu, amene ankakhala okha m'kanyumba kumapeto kwa munda wa mapeyala. Iwo sanathawe nkhondo, ndipo mawu awo ankamveka m'mudzimo. Isaura ankafuna kuwapempha kuti awalankhulire kwa anthu.

Anaodira, koma sanayankhidwe. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo fungo lija la dothi lokumbidwa linkachokera m'katimo. Anasuzumira. Pansi panali lichero lodzaza njere za mapeyala, zonyowa, zoterera ngati zangotuluka kumene m'zipatso. Iliyonse inali yomangidwa ndi kansanza kong'ambidwa ku chovala cha munthu. Pamwamba penipeni panali yomangidwa ndi kansalu kobiriwira, ka malaya a Mateyu ogwirira ntchito, amene anang'ambika pa chingwe choyanikira popanda wodziwa chowang'amba.

"Walowa kale, mkamwana?"

A Elizabeti anali ataima pakhomo, khasu lili paphewa. Sankaoneka okwiya. Ankangooneka otopa.

"Azakhali, n'chiyani ichi?"

"Pansi pa mitengo yanuyo pagona ana anga. Ndinawakwirira ndekha ndi khasu lomweli, mfuti zikulira, inu muli ku Malawi kulandira ufa. Ndinawauza a Samsoni, ndinawauza a Gabrieli. Akuti popanda mtumbira palibe manda. Ndinamuuzanso mwamuna wakoyo akukumba maenje ake, anati ndakalamba."

"Bwanji osatiuzanso, tikanasiya mbali imeneyo?"

"Fodya ndinapirira, mizu yake njaifupi. Koma ya mapeyalayi yawafika. Yalowa m'nthiti mwawo. Ndimawamva."

Isaura anatsomphola njere ya kansalu kobiriwira ija, n'kuwakankha mayiwo pakhomo, n'kuliyatsa liwiro. Asanafike patali anamva phokoso lina: nkhwangwa. Amuna a m'mudzi, atamva kuti Mateyu wachoka, anali atalowa m'munda, ana a a Samsoni ali patsogolo. Mitengo inkagwa motsatizana, zipatso zikugubuduka kutsikira kumtsinje.

"Siyani! Si ife! Ndi azakhali!"

"Choka apa, mkazi wa mfiti!"

Isaura anagwira mkono wa uyu, anagwada pamaso pa uyo, mawu mpaka kusasa. Palibe anaima. Anamumvera nkhwangwa zitasowa chodula, ndipo pamenepo m'pamene ena anavomera kupita naye kukanyumba kuja. Anapeza chitseko chili pululu. Lichero munalibe, khasu munalibe, a Elizabeti munalibe. Pansi panangotsala chinyezi chozungulira pamene panali lichero, ndi mapazi olunjika kanjira ka kumalire a dziko. Anyamata anatsata mapaziwo mpaka pathanthwe, pamene anazimiririka.

Mateyu anatsika shapa dzuwa likufiira, n'kubwera chothamanga, kapepala kake katakwezedwa m'mwamba.

"Onani! Njere ilimo! Tekiniko wadula yekha, njere ilimo!"

Atakhota pa ngodya ya nyumba anaima. Kumene kunali mthunzi kunkaoneka mtsinje ndi phiri la kutsidya. Anayenda pakati pa zitsa, akuponda masamba ndi zipatso zophwanyika, mpaka anakhala pansi. Amuna aja anali ataimirira chapatali, nkhwangwa atazibisa kumbuyo. Mmodzi anati pepani chapansipansi.

Isaura anafika n'kugwada pambali pake. Anamufotokozera zonse, za lichero, za ana a pansi pa mitengo, za mapazi othera pathanthwe. Mateyu anamucheukira.

"Ndiye lichero lapita ndi njere za anthu onsewa?"

"Lapita. Koma yanu ndinalanda. Sadzaibzala."

"Ili kuti?"

Isaura anatambasula mkono. Chichokereni kukanyumba kuja anali asanafumbatule dzanja lake lamanja, ndipo tsopano zala zinkakana. Mateyu anazitsegula yekha, chimodzichimodzi. Njere inali itang'aluka pakati, kansonga kobiriwira katasuzumira kumwamba. Anati aichotse, Isaura anakuwa. Muzu woyera unali utaboola chikhatho, ndipo pansi pa khungu unkaoneka bwinobwino, utadutsa kale pamfundo ya dzanja, ukukwera.